Batani la Jekete la Bambo

Okondedwa Amayi,

Ndayamba ndi moni monga munandiphunzitsira, ngakhale mtima ukufuna kuthamangira kutsogolo. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kutsika masitepe a pakhomo, kapena mukungolimbana nalo mwakachetechete ngati kale? Achimwene anandiuza pa foni kuti mankhwala mukumwa mukakumbukira, ndiye ndadziwa kuti simukumwa. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugona. Chifuwa chinandigwira pang'ono koma chinapita chokha. Ndinasamukanso chipinda, chakale chija chinkadontha pamwamba pa bedi penipeni. Chatsopanochi n'chaching'ono, koma windo lake limatseka.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Ndayesa kangapo kukuimbirani, koma mukangoyankha n'kufunsa ngati ndikuvala zofunda, ndimangoyamba kukamba za mvula. Ndiye ndati bola pepala, silindifunsa mafunso. Mumandidziwa, kuzungulira nkhani sinditha. Jekete la bambo lija munandibwereka, sindibwera nalo. Silinabedwe, silinapse, ndiponso sindinagulitse. Khalani pansi kaye muwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikalipire mmene mungafunire.

Ndikukumbuka bwino tsiku lomwe ndinkanyamuka. Munalichotsa pamsomali wa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwanu, pomwe linakhala chimwalirire bambo, n'kundiveka nokha. Munanena kawiri kuti mwandibwereka, simunandipatse, ndipo kuti mukungochita izi chifukwa kumene ndikupita kumazizira. Mawu amenewo sindinawaiwale. Ndalivala nyengo yozizira iliyonse, manja ake ndikupinda, anzanga n'kumandiseka kuti ndikuoneka ngati mwana wobisala m'thumba. Ine sindinkasamala, linkanunkhirabe sopo wa kwathu.

Chaka chino, poti n'chomaliza, aliyense m'kalasi mwathu anauzidwa kuti alembe nkhani ya filimu yaifupi, yoti munthu aionere yonse tiyi asanazizire m'kapu. Aphunzitsi anasankhapo zochepa zoti zijambulidwe, ndipo yanga inali m'gulumo. Nditakuuzani munafunsa ngati ndiye kuti mundiona pa kanema. Ayi Amayi, ine ndimakhala kuseri kwa kamera, ntchito yanga ndi kuuza anthu chochita, ntchito yomwe mumati ndinabadwa nayo.

Nkhani yake ndi yaing'ono kwambiri. Pali bambo wina wokalamba, mkazi wake anamwalira. Batani la jekete lake lathothoka. Singano ali nayo, ulusi ali nawo, koma maso ake sakuonanso kabowo ka singano. Ndiye amayenda khomo ndi khomo m'nyumba yosanja yomwe amakhala, kupempha woti amulowetsere ulusi, koma aliyense ali ndi zake, wina akusambitsa mwana, wina ali pa foni, wina sakutsegula n'komwe. Kumapeto amabwerera m'chipinda mwake, amakhala pawindo pomwe pali dzuwa, ulusi n'kulowa, n'kusoka batani lake. Basi, yathera pomwepo. Aphunzitsi anafunsa komwe ndinaitenga, ine ndinangoti ndinaiganiza. Inu mukudziwa amene ankaitanidwa kudzalowetsa ulusi kwathu, komanso mmene ankanyinyirikira.

Kukonzekera kunatenga nthawi yaitali kuposa kujambula kwenikweniko. Tinali atatu. Wogwira kamera ndi mnyamata wamtali amene timamutcha Chipewa, chifukwa palibe amene anaonapo pakati pa mutu wake. Woyang'anira zovala ndi katundu ndi mtsikana amene timamutcha Mlonda, mumvetsa chifukwa chake posachedwa. Tinajambula pamapepala chithunzi chilichonse cha filimuyo n'kumata pakhoma la chipinda changa, mpaka mwininyumba anafunsa ngati ndatsegula sukulu ya mkaka. Tinayenda kufunafuna nyumba yokhala ndi masitepe ndi zitseko zoyang'anizana, tinapempha anthu okhalamo mmodzimmodzi, ena anatipitikitsa. Kamera ndi ya sukulu, ilipo imodzi yabwino, ndipo magulu amailandira mosinthana. Nthawi yanu ikatha mumabweza, kaya mwamaliza kaya simunamalize.

Chovuta chinali kupeza nkhalamba. Tinayesa anyamata a m'kalasi ya zisudzo, kuwathira paudala m'tsitsi, koma akawerama n'kuyamba kutsimphina ankangooneka ngati akuseka anthu akuluakulu. Ndinakana onse, Chipewa mpaka anandiuza kuti ndipite ndikadzikalambire ndekha. Tsiku lina ndikudikira basi ndinaona bambo wina atakhala pabenchi, akudzudzula madalaivala mmene akuimikira magalimoto, palibe amene akuwamvera. Ndinawapatsa moni, tinacheza. Anali kondakitala wa basi moyo wawo wonse, tsopano anapuma ntchito, akukhala okha m'kachipinda pafupi pomwepo. Nditawafunsa ngati angachite nawo filimu, anaseka n'kunena kuti iwo zisudzo anayamba kalekale, zaka zonsezi akhala akuuza anthu kuti malo alimo m'basi yodzaza. Kuyambira pomwepo tinkangowatchula kuti a Kondakitala.

Tsiku loyesa zovala anabwera ndi juzi yofiira yolembedwa zilembo pachifuwa. Mlonda anangoiyang'ana n'kupukusa mutu. Tinawayesa majekete obwereka awiri, lina linawathina, lina linkanyezimira ngati la oimba. Ine ndinali nditavala la bambo. Chipewa ndi amene ananena kuti tangowayesani limenelo. Ndinavula mosafuna, ndikuuzeni zoona. Atalivala, mapewa anakhala ngati telala anawayeza iwowo. Anatembenuka kupita pawindo, dzanja n'kulowetsa m'thumba lakumanzere, lija linabooka ndi makiyi. Amayi, ndinawaona kumbuyo, ndipo ndinatuluka kukaima pakhonde kanthawi. Anzanga ankaganiza kuti ndapita kukayankha foni.

Tsopano za batani. Mukukumbuka kuti mabatani a jeketelo ndi akuda, kupatula lapakati, labulawuni lija munasokerera lenileni litatayika. Bambo ankati palibe amene angazindikire, inu munkati aliyense azindikira. Poti nkhani yathu imafuna jekete lopanda batani limodzi, ndinatenga lezala n'kudula ulusi wanu, batanilo n'kulisunga m'kabokosi ka machesi. Ndinkadzitonthoza kuti si kuononga, chifukwa pa gawo lomaliza a Kondakitala alisokereranso kamera ikuona, jekete n'kubwera kwanu lathunthu.

Pali chinthu china choti ndikufotokozereni kuti mumvetse pomwe panalakwika. Filimu sijambulidwa motsatana ngati mmene mumaionera. Munthu akhoza kugogoda pachitseko lero, koma kulowa kwake m'nyumbamo n'kudzajambulidwa sabata yamawa. Ndiye chovala chake chimayenera kukhala chimodzimodzi, kolala mmene inapindikira, thumba mmene linatseguka, apo ayi oonera amaona kuti pali chinyengo. N'chifukwa chake pali lamulo lomwe amatiphunzitsa chaka choyamba, lakuti chovala cha mufilimu sichipita kunyumba ndi wochivala. Tikaweruka, Mlonda ankaima pakhomo atatambasula dzanja, kulandira jekete, kulijambula pa foni, n'kulikuta m'pulasitiki. Ngakhale ine mwini wake sankandilola kuligwira.

Masiku ojambula anali okoma, sindinama. Ndikanena kuti tiyambe, a Kondakitala ankamenya khoma kawiri ndi chikhatho ngati akumenya m'mbali mwa basi. Ine ankanditcha adalaivala, n'kumauza anthu a m'nyumbamo kuti dalaivala wawo ndi wamng'ono koma mabuleki alibe. Tikawabwerezetsa kukwera masitepe ankadandaula kuti basi iyi ikungozungulira siteji imodzi, komabe ankakwera. Pa gawo la singano sanafunikire kuwauza chochita. Maso awo sankaonadi kabowoko, manja ankanjenjemeradi, ankanyowetsa ulusi ndi malovu n'kuyesanso.

Tinajambula zonse kupatula gawo lomaliza lija la pawindo. Limenelo linkafuna dzuwa la m'mawa, koma tsiku lathu lotsiriza kunacha ndi mitambo, kenako mvula. Tinadikira mpaka masana, dzuwa osatuluka, ndipo gulu lina linali litayamba kale kuimba foni kufuna kamera. Tinagwirizana kuti tidzamalize nthawi yathu ikadzafikanso. Palibe amene anada nkhawa, kagawo kamodzi kokha.

Poweruka tsiku limenelo kunazizira kwambiri. A Kondakitala anali atabwera ndi shati yokha, ndipo ankatsokomola kuyambira m'mawa. Mlonda anatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Ine ndinati asiye, apite nalo. Iye anandikumbutsa lamulo, ine ndinamufunsa ngati lamulo limafunditsa munthu. Tinakangana pakhomopo mkuluyo akutiyang'ana, ndipo ndinapambana, monga mmene ndimapambanira mikangano yonse yomwe ndimadzanong'oneza nayo bondo. Iwo anatilonjeza kuti alisamala ngati dzira, akuti kondakitala sataya katundu wa anthu. Ndinawaperekeza ndi maso akupita kokwerera basi, dzanja limodzi atagwira pomwe panalibe batani kuti mphepo isalowe.

Nthawi yathu ya kamera itayandikira ndinawaimbira kuti tipangane tsiku. Anayankha ndi mayi wina. Anati ndi mwana wawo, ndipo bambo ake amwalira dzulo lake kuchipatala, chifuwa chija chinakula. Anati akhala akufunafuna nambala ya munthu wina wotchedwa adalaivala, koma m'foni munali madalaivala ambiri. Chakudza sichiimba ng'oma, Amayi. Ndinakhala pansi pomwepo pakhonde la sukulu, mabuku ali m'manja.

Kumaliro tinapita tonse atatu. Ndisakubisireni, m'basi muja pamodzi ndi chisoni ndinkaganizanso za jekete, kuti ndidzalipempha bwanji mwaulemu zonse zikatha, mwina pakapita sabata. Tinafika anthu akuona nkhope. Tinalowa pamzere, ndipo nditafika pabokosi ndinaona kolala kaye ndisanaone nkhope. Anawaveka jekete la bambo. Analisita bwino, ndipo pomwe panalibe batani anamangapo ndi kapini.

Mwana wawo uja anatizindikira chifukwa cha chipewa cha Chipewa, chomwe tsiku limenelo chinali m'manja. Anabwera n'kundigwira manja onse awiri. Anati bambo ake masiku awo omaliza sankakamba china koma filimu. Anati jeketelo ankalipukuta m'mawa uliwonse n'kulipachika, osalola mdzukulu aliyense kuligwira, akuti ndi yunifolomu ya ntchito yawo yatsopano. Kuchipatala anapempha kuti alipachike pomwe angamalione, chifukwa adalaivala akhoza kuitana nthawi ina iliyonse dzuwa likatuluka. Mayiyo ankaganiza kuti sukulu inawapatsa. Anandithokoza, akuti bambo ake chipumire ntchito anali asanadzukepo m'mawa ndi kokapita, ndipo pa zovala zawo zonse panalibe china chomwe akanafuna kupita nacho.

Mlonda anali pambali panga. Ananditsina pamkono n'kundinong'oneza kuti ngati ndikufuna kuyankhula ndiyankhule pompano, bokosi lisanatsekedwe. Ndinatsegula pakamwa, Amayi, ndinatseguladi. Mawu omwe anatuluka ndi akuti pepani. Munthu ungamuvule bwanji womwalira, adzukulu ake ataima pomwepo? Ndinayang'ana mayiyo, ndinaona achemwali tsiku lija ankasita shati ya bambo misozi ikugwera pansalu. Kenako anatseka bokosi.

Kumanda ndinalira mpaka amayi ena anafunsa ngati ndine wachibale. Mukukumbuka kuti pamaliro a bambo sindinalire, ndinali pakalikiliki kulandira anthu ndi kuwauza pokhala, mpaka azakhali anati mwana uyu mtima wake ndi wamwala. Misozi imeneyo inali ikadalipo. Inatulukira pamanda a munthu amene ndinamudziwa miyezi yochepa, ndipo sindikudziwa kuti ingati inali yake, ingati inali ya bambo.

Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikulemba kuti ndidziyeretse. Munandibwereka, simunandipatse. Mlonda anandiletsa, sindinamve. Koma ndikadati ndikuuzeni kuti ndikanakonda mkuluyo akanapita m'mvula ndi shati yokha, ndikanakhala ndikunama, ndipo kunama kwa inu sindinakuphunzire bwino. Chomwe chikundipweteka n'chakuti ndinapatsa munthu chinthu chomwe sichinali changa, ndipo amene mutsale mukuyang'ana msomali wopanda kanthu ndinu.

Masiku ano ndimaswera kusukulu m'kachipinda kolumikizira filimu, kopanda windo, muli kompyuta ndi mipando iwiri. Ntchito yake ndi kuonera kachidutswa kamodzi kambirimbiri, kudula apa, kulumikiza apo. Ndiye tsiku lonse ndimaona jekete la bambo likukwera masitepe, likugogoda, likutembenuka. Chigamba chija munaika pachigongono chimaoneka bwinobwino. Nthawi zina ndimaimitsa chithunzi n'kungokhala.

Aphunzitsi anaonera zomwe tili nazo. Anati n'zabwino, koma filimu yopanda mapeto singaonetsedwe, ndipo popanda kuonetsedwa tonse atatu sitimaliza chaka chino. Kuyambiranso ndi munthu wina sikutheka, nthawi yatha, komanso ine sindingafune. Chipewa ndi amene anakumbukira kuti tsiku la mvula lija anasiya kamera ikujambula pamene tinkadikira dzuwa. Tinapeza a Kondakitala atakhala pawindo, singano ili m'manja, akungoyang'ana kunja, osadziwa kuti akujambulidwa. Chipewa anati tikhoza kuika chimenecho, kenako n'kuonetsa manja okha pafupi, akulowetsa ulusi n'kusoka batani. Asakhale manja a mkuluyo, akhale a mkazi wake uja, mmene iye akuwakumbukirira. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti mapeto ake ndi amenewo, abwino kuposa omwe ndinalemba.

Vuto ndi nsalu. Kamera ikayandikira chotero, ulusi uliwonse wa nsalu umaoneka, ndipo iyenera kukhala yomweyo. Mlonda wayenda m'masitolo ndi kwa matelala, chithunzi chili pa foni, onse akuti nsalu imeneyo inasiya kalekale kubwera. Mlonda sananenepo kuti ndinakuuza, ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zikundipweteka kuposa akananena. Ndiye ndinakumbukira kuti jeketelo linali la suti, ndipo buluku lake lili m'sutikesi ya pansi pa bedi lanu.

Pempho langa ndi limeneli, ndipo ndi limodzi lokha. Ndikupempha kuti m'mawa wina kukawala, mukhale pafupi ndi windo la pabalaza, buluku la bambo mulipinde pamiyendo kuti pazioneka nsalu yokha, mulowetse ulusi m'singano, musokererepo batani lija. Achimwene ajambule ndi foni yawo, ataigoneka cham'mbali, atatsamiritsa zigongono patebulo kuti isagwedere. Wailesi azimitse. Nkhope yanu sioneka, manja okha. Musafulumire, ndipo ulusi ukakana kulowa musaitane munthu, musachitenso manyazi, muzingoyesa mmene mumayesera. Mukamaliza mukhoza kulichotsanso, buluku silionongeka.

Ndikudziwa kuti ndikupempha munthu amene ndamulakwira, komanso kuti sutikesi imeneyo simuitsegula wamba. Musavomere chifukwa cha sukulu. Mukakana ndidzauza anzanga ndekha, ndidzabwereza chaka, sindifa nacho, ndipo sindidzakufunsaninso. Manja a mayi wina aliyense akhoza kupezeka kuno, koma nsalu ili kwa inu, ndiponso batani limenelo linasokedwa ndi munthu mmodzi yekha chiyambire. Mukavomera, ndikadzabwera ndidzabwera nayo filimuyo tidzaonere limodzi pabalaza. Mudzaliona jekete likuyenda, lili ndi munthu m'kati. Si kubweza kumeneko, ndikudziwa, koma ndi zokhazo zomwe ndili nazo.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, muwauze kuti kalatayi akhoza kuwerenga inu mukamaliza, osati musanamalize. Moni kwa achemwali ndi ana, makamaka wamng'ono uja amene akuti wayamba kuyankha akuluakulu, muwauze kuti magazi ndi omwewo, apirire. Azakhali muwapatse moni, ndipo ngati mungafune muwauze kuti mwala uja unasweka. Amalume ndamva kuti maso akuwavuta, ndikuwakumbukira. Inuyo imwani mankhwala.

Batani ndalimata m'munsi mwa tsamba lino kuti lisagwe n'kugubudukira kunsi kwa kabati, inu ndi bondo limenelo. Kaya musoka kaya simusoka, ndi lanu, lisungeni. Mukalimatula muona kuti timaulusi tanu takale tikadali m'mabowo ake. Sindinatichotse.

Ndine mwana wanu,
wamakani uja.